MOT yafeila koma ma advisory ali mbwee, ndikonze zonse ndisanabwerere ku retest?

Mayi_wa_Atatu
Abale ndithandizeni nzeru mutu waima. Kagalimoto kanga ka 2012 kafeila MOT lero, kuyeza kwa chaka ndi chaka kuja koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu kuno ku UK. Chomwe kafeilira ndi chimodzi chokha, akuti sipuling'i yakutsogolo kumanzere yathyoka, alemba kuti major. Koma mmunsi mwa pepalalo muli mndandanda wina wa ma advisory, zinthu zomwe woyeza wangochenjeza, matayala awiri akumbuyo atsala pang'ono kutha, ma pad a mabuleki akutsogolo aperepeseka, paipi ya mabuleki yayamba dzimbiri, oyilo akudontha pang'ono pa injini, ndiye bushi ina, karabala ka pa sasipenshoni, akuti ikugwedera. Mnyamata wa pa kauntala wangophatikiza zonse nkundiuza mtengo woti ndikawonjezera pang'ono ndigula galimoto ina, eti "tingopangiratu zonse mayi kuti mukabwera ku retest musavutike". Ndiye ndifunse, kodi ma advisory amenewa ndikapanda kukonza andifeilitsanso? Nanga galimotoyi ndingayende nayo kuntchito? MOT yakale ikutha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo ine ndimagwira usiku, nthawi yomwe ndimaweruka basi kulibe.

Bwande_Coventry
Akufuna kukudyerani masuku pamutu achemwali. Konzani sipuling'i basi, zinazo nzongokudziwitsani.

Kadzidzi_wa_Leeds
Ine ndimanena daily kuti munthu woyeza galimoto asamakhalenso yemweyo wokonza. Ndi chimodzimodzi kuuza fisi kuti awerenge mbuzi zodwala m'khola, adzakuuzani kuti zonse zikutsokomola. Mtengo wa MOT boma linaika malire, sungapitirire £54.85 pa galimoto wamba, ena amatsitsa mpaka theka, mukuganiza kuti lendi ya garaja amalipira ndi chani? Ndi ma advisory omwewo.

Sipanala16
Achemwali pepani ndi zimenezi, tiyeni tizione bwinobwino chifukwa pepala lija limaopsa ukangoliona koyamba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya pansi pa galimoto ndiye a Kadzidzi andikhululukire, fisi wafika kkkk.

Kuyambira pa 20 May 2018 zovuta zomwe zapezeka amazigawa patatu. Dangerous ndi major ndiye kufeila. Minor galimoto imakhoza koma chinthucho ndi cholakwika kale, mukuyenera kukonza msanga. Advisory ndi ina, ndi chinthu chomwe sichinafike polakwika malinga ndi muyezo koma woyeza waona kuti chikulowera komweko. Ndiye pa pepala lanu chomwe chikutsekereza satifiketi ndi sipuling'i yokha. Mukaikonza, zinazo zikakhala mmene zinalili lero, galimoto ikhoza, ma advisory adzangolembedwanso pa satifiketi yatsopano.

Za retest, kuyezanso kuja, zili motere. Mukaisiya pa garaja pomwepo kuti akonze okha, nkuyezanso pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, simulipira retest. Mukaitenga kukakonzetsa kwina nkuibweza pomwepo mkati mwa masiku 10 omwewo, amaona mbali chabe osati galimoto yonse, ndipo atha kukulipiritsani koma osapitirira theka la mtengo wa MOT, magaraja ambiri salipiritsa nkomwe, afunseni. Masiku 10 akadutsa, kapena mukapita garaja ina, ndiye kuyambiranso zonse ndi mtengo wonse. Palinso njira ina yaulere yobwera nayo tsiku lotsatira logwira ntchito lisanathe koma imeneyo ndi ya tizinthu ngati mababu, mawaipa, hutala, magalasi oonera kumbuyo, nambala puleti, matayala. Sipuling'i mulibe mmenemo.

Bwande_Coventry
Si zomwe ndanena zija? Mwangotalikitsa.

Sipanala16
Ayi amwene, inu mwati zinazo nzongodziwitsa, ine sindinamalize. Pa retest woyeza saona chomwe chinafeila chokha, amayang'ananso zomwe zakhudzidwa pokonza komanso zomwe analemba advisory zija. Ndiye ngati tayala linali pa malire penipeni, mayiwa nkuyenda nalo mtunda masiku amenewa, litha kudutsa malire nkufeila pa retest. Sizichitikachitika koma zimatheka.

Ndipo ma advisory asanu amenewa si ofanana kulemera. Oyilo wongonyowetsa injini pa galimoto ya 2012 ine sindingagone nawo m'maso, muzingoona pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Bushi yogwedera pang'ono itha kutha chaka. Koma matayala ndi ma pad funsani nambala, asangoti "atha". Tayala malire a kuya kwa mizere yake ndi 1.6mm pakati pake, magawo atatu mwa anayi a mulifupi, kuzungulira lonse. Pad ikatsika pansi pa 1.5mm yafeila. Ngati tayala lili pa 3mm muli ndi nthawi, ngati lili pa 1.8mm ndiye gulani mwezi uno, nyengo yozizira ino msewu sumauma. Paipi ya mabuleki ndiyomwe ndingafune kuiona ndi maso. Pali dzimbiri longodetsa pamwamba loti kupalapala nkupaka girizi basi, ndiye pali lina loti paipi yayamba kufufuma ndi kusendeka, imeneyo ikaphulika pedulo imangolowa pansi.

Mayi_wa_Atatu
Zikomo a Sipanala, mtima wayamba kukhala pansi. Pa pepala sanalembe ma mm, angoti worn close to legal limit. Mawa ndiwaimbira. Nanga zoyenda nayo zija?

Chiphadzuwa_92
Musayende nayo!! Ikangofeila zimalowa mu kompyuta nthawi yomweyo ndipo MOT yakale imafa pompo. Makamera a apolisi aja amawerenga nambala puleti akugwirani musanafike ndi pa roundabout pomwe. Anandiuza ndi anzanga akuntchito.

Msungichuma
Chiphadzuwa, zolowa mu kompyuta nzoona koma zoti yakale imafa si zoona. Satifiketi yakale imagwirabe ntchito mpaka tsiku lake lothera. Lamulo likuti galimoto yofeila utha kuitenga ngati MOT yakale ikadali ndi masiku komanso ngati sanalembe dangerous. Koma pali kachingwe kena apa, galimoto iliyonse pamsewu ikuyenera kukhala yoyenera kuyenda nthawi zonse, kaya ili ndi satifiketi kaya ilibe. Ndiye sapezeka ndi mlandu wosowa MOT, womwe chindapusa chake chimafika £1,000, koma atha kupezeka ndi mlandu woyendetsa galimoto yoopsa, umenewo umafika £2,500 ndi mapointi 3 pa laisensi, mwinanso kuletsedwa kuyendetsa. Ndipo sunganene kuti sindimadziwa pomwe pepala lili mu kompyuta ndi deti lake.

Sipanala16
A Msungichuma alasa. Ndiwonjezere za sipuling'iyo payokha. Zambiri zimathyoka kakoilo kakumapeto, pansi pomwe pamakhala madzi ndi mchere uja amathira m'misewu nthawi ya chisanu, mwini wake osamva kanthu, mwina kaphokoso pokhota basi. Vuto ndi loti chotsalacho chimakhala chakuthwa ndipo chikasuntha pampando pake chimatha kubaya tayala mkati muli pa liwiro. Kuchoka pa garaja kupita kokakonzetsa pang'onopang'ono, chabwino. Koma zoti muzipita nayo kuntchito usiku pa motorway sabata yonse, ine mlongo wanga sindingamulole.

Kadzidzi_wa_Leeds
Ndiye muone akuuzani kuti tisinthe zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Nyimbo yake ndi imeneyo.

Sipanala16
Adzanenadi, ndipo pamenepo sakunama. MOT ikufuna yothyokayo basi. Koma inzakeyo ndi ya msinkhu womwewo, yamwa mchere womwewo, ndipo yatsopano ndi yakale sizitalika mofanana, galimoto imapendekeka pang'ono. Ngati thumba likulola sinthani zonse, ngati silikulola imodzi ikhozetsa galimoto. Kusankha nkwa mwini galimoto, chomwe ndimadana nacho ine ndi kumuuza munthu kuti ndi lamulo pomwe si lamulo.

Mbalame_Yausiku
Ine zinandichitikira zina. Garaja ina inalemba dangerous pa tayala, chabwino tayalalo linalidi ndi chotupa m'mbali sindikukana, koma bwana wake anakana kundipatsa makiyi eti lamulo silimulola kutulutsa galimoto pokhapokha ndigule tayala kwa iye. Mtengo wake wa tayalalo Mulungu adziwa. Ndinaimbira mlamu wanga anabwera ndi tayala lina pa rimu, tinamanga panja pa geti pomwepo bwana uja akuyang'ana, kutsogolo kwake kuli gwaa.

Msungichuma
Analibe mphamvu imeneyo. Garaja si apolisi, sangakulande galimoto chifukwa yafeila. Chomwe chilipo nchoti iweyo ukaiyendetsa pamsewu ili ndi dangerous mlandu ndi wako. Utha kuitanitsa chigalimoto chonyamula nkupita nayo komwe ukufuna, kapena kuchita zomwe munachitazo.

Gogo_Dalaivala
Ana inu mukudandaula chani kodi. MOT imeneyi inayamba 1960, nthawi imeneyo inali ya galimoto zomwe zakwanitsa zaka 10 ndipo ankaona mabuleki, magetsi ndi chiwongolero basi. Kenako anatsitsa mpaka zaka 3 mu 1967, ndi pomwe tilili mpaka lero. Posachedwapa boma linafunsa anthu ngati angasunthe kuti yoyamba izikhala pa zaka 4, mu January 2024 anati ayi zikhale momwemo. Ine ndinasangalala. Anthu ambiri tsiku la MOT ndi tsiku lokhalo pa chaka lomwe munthu wina amasuzumira pansi pa galimoto yawo. Enanu simudziwa ndi potsegulira boneti pomwe.

Bwande_Coventry
Agogo mwayamba kutukwana tsopano kkkkk

Gogo_Dalaivala
Sindinatchule dzina mwanawe. Koma poti wayankha.

Mjomba_Belfast
Kuno ku Northern Ireland nkhani ya fisi ija kulibe. Galimoto imayamba kuyezedwa ikakwana zaka 4, ndipo oyeza ndi a boma, a DVA, m'malo awoawo, sagulitsa ndi babu lomwe. Ukafeila amakupatsa pepala nkukuuza kuti kakonze komwe ukudziwa. Ndiye palibe woti akukokere ku kauntala. Mavuto athu ndi ena, kupeza tsiku. Umayenera kubukitsa kukadali kutali apo ayi MOT ikuthera m'manja uli pa mzere.

Kadzidzi_wa_Leeds
Mwaona? Zimenezo ndiye zanzeru. Kunonso alipo malo a khonsolo omwe amayezera mabasi ndi mataxi awo, ambiri amalandira galimoto za anthu wamba ndipo sakonza. Ine ndimapita kumeneko, ikafeila ndimadziwa kuti yafeiladi.

Sipanala16
Nzabwino ndithu, sinditsutsa. Kungoti mudziwe mbali inayo. Babu likapezeka lakufa kumeneko ndiye mwafeila, mupite mukagule mubwerenso. Pa garaja wamba woyeza amaloledwa kukonza kanthu kakang'ono pompo mkati mwa ola limodzi nkukupatsani satifiketi, mu kompyuta zimaoneka kuti inafeila kenako inakhoza tsiku lomwelo.

Komanso a Kadzidzi, za ma advisory ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali yathu. Woyeza aliyense ali ndi nambala yake ku DVSA, bungwe la boma loyang'anira za MOT, ndipo amamuyang'anira. Galimoto ikakhoza lero, pakatha milungu itatu paipi nkuphulika, funso loyamba ndi loti anayeza ndani ndipo analembapo chani. Ndiye ambiri amalemba advisory podziteteza, kuti zidziwike kuti ndinaona ndipo ndinanena. Woyezayo nthawi zambiri sapeza kanthu pa ma pad anuwo, ali pa malipiro a pamwezi. Amene amasandutsa advisory kukhala invoice ndi wa pa kauntala. Ndiye mukafuna zoona pemphani kulankhula ndi amene anayeza, muuzeni akulozereni galimoto ili m'mwamba. Wachilungamo sakana.

Chiphadzuwa_92
Ndiye ine ndifunseko zanga poti akatswiri alipo. Ndikufuna kugula galimoto kwa munthu wina pa Facebook, akuti ili ndi MOT ya miyezi 12 yopanda advisory ngakhale imodzi, ya 2009. Si ndiye kuti ili bwinobwino?

Msungichuma
Tenga nambala puleti ulowe pa gov.uk pomwe amaonetsa mbiri ya MOT, ndi zaulere, zimayambira 2005. Uona chaka chilichonse, mamailosi, chomwe inafeilira, ma advisory onse. Usaone ya chaka chino yokha. Ngati zaka zitatu zapitazi amalemba dzimbiri pansi, dzimbiri pa subframe (chitsulo chapansi chogwira sasipenshoni), dzimbiri pa sill (chitsulo cha mmunsi mwa zitseko), kenako chaka chino zonse zii, funsa lisiti ya kowotcherera. Ngati palibe lisiti ndiye kuti dzimbiri silinachoke, changosintha ndi woyeza. Onanso mamailosi ngati akukwera mwadongosolo, ena amabwerera m'mbuyo ngati zaka za osewera mpira.

Mbalame_Yausiku
Galimoto ya 2009 yopanda advisory ine ndiye ndingaiope kuposa yokhala ndi zisanu.

Sipanala16
Komanso Chiphadzuwa dziwa kuti MOT siona moyo wa injini, kilatchi kapena giyabokosi. Imaona utsi, imaona ngati getsi la injini layaka pa dashboard, koma kilatchi yoterereka itha kukhoza bwinobwino. Ndipo sitiloledwa kumasula kanthu, ngakhale tayala sitichotsa, mapulasitiki otchinga pansi aja sitichotsa, tikungoona chomwe maso ndi tochi zafika. Satifiketi ikunena za tsiku lomwe inayezedwa basi. Pita ndi munthu wodziwa ukaiyendetse injini ili yozizira.

Bwande_Coventry
Akakuuza kuti "ndaitenthetsa kale kuti musavutike" thawa.

Mayi_wa_Atatu
Ndabweranso abale. Ndinapita m'mawa nditaweruka, ndinapempha kuonana ndi woyezayo monga munanenera. Bambo wachikulire waulemu wake, anaikweza nkundionetsa. Matayala akuti ali pa 2mm, ma pad pa 4mm, paipi anaipala ndi chala nkuti ndi lapamwamba koma chaka chamawa tidzaionenso. Anachita kunena yekha kuti pad isiyeni kaye. Ndiye ndawauza apange masipuling'i onse awiri, retest yaulere poti galimoto ikugona komweko, matayala ndigula malipiro akalowa sabata yamawa. Mnyamata wa pa kauntala nkhope inagwa koma ndalama yatsika kuposa theka.

Kadzidzi_wa_Leeds
Ma pad a 4mm ankafuna kukusinthirani? Ndiye muziti ine ndimalankhula zoipa.

Gogo_Dalaivala
Matayala a 2mm musachedwe nawo mayi. Kusiyana kwa 2 ndi 1.6 nkochepa kwambiri, ndipo chindapusa cha tayala amawerenga lililonse palokha, mapointi 3 tayala limodzi. Awiri ndi 6. Ndipo musagule ogwiritsidwa kale aja, mwana wanga anagula awiri otchipa mwezi usanathe limodzi linayamba kuchita ming'alu m'mbali, titaona deti pa tayalapo linali lakale kuposa galimoto.

Mbalame_Yausiku
Agogo apa ndiye tisiyana. Si onse ogwiritsidwa kale omwe ndi oipa, ena amachokera pa galimoto zangozi ali ndi 6mm. Nkhani ndi kudziwa kuona. Pali manambala anayi m'mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Ukaona zimenezo, nkuona mkati ngati munamatidwapo, palibe vuto. Si tonse tili ndi ndalama ya atsopano.

Gogo_Dalaivala
Galimoto yangoziyo tayala linamenya chani iwe ukudziwa? Mawaya amkati suwaona.

Mbalame_Yausiku
Nanga mukagula galimoto yakale mumataya matayala onse anayi tsiku lomwelo? Amenewonso ndi ogwiritsidwa kale.

Bwande_Coventry
Agogo agwidwa pakhosi kkkk

Msungichuma
Tibwerere ku MOT pang'ono, pali chinthu chomwe mayiwa anachita bwino chomwe ambiri sachita, anapita masiku akadalipo. Umaloledwa kuyezetsa mwezi umodzi kuchotsapo tsiku limodzi MOT isanathe ndipo deti lako la chaka chamawa silisintha. Ngati ikutha pa 20 November utha kupita kuyambira pa 21 October, yatsopanoyo idzathabe pa 20 November chaka chinacho. Sutaya tsiku ngakhale limodzi. Ukadikira tsiku lomaliza nkufeila, galimoto yaima, ungoyenda nayo kupita kokakonzetsa kapena ku MOT yomwe wabukitsa kale, ndipo msonkho wa pamsewu sungalipire popanda MOT. Pa gov.uk pomwepo pali polembetsa kuti azikukumbutsa pa meseji, kwaulere.

Mjomba_Belfast
Nanga munthu ukaona kuti akufeilitsa mwabodza kumeneko mumatani? Kapena mumangolira pa gulu pano?

Msungichuma
Umadandaula ku DVSA pasanathe masiku 14 ogwira ntchito, pali fomu yake. Koma usakonze kanthu, galimoto ikhale momwemo mpaka adzaione okha. Umalipiranso mtengo wa MOT, akapeza kuti unalakwiridwa amakubwezera. Vuto ndi lomwelo, ndani angaimike galimoto kudikira zimenezo pomwe akufuna kupita kuntchito. Zimathekanso mbali inayi, ngati wagula galimoto yomwe ukuona kuti sinayenere kukhoza, uli ndi masiku 28 kuchokera tsiku loyezedwa, koma ngati nkhani ndi dzimbiri ndi miyezi 3.

Kadzidzi_wa_Leeds
Advisory ungadandaule?

Sipanala16
Apilo ija ndi ya zotsatira, kukhoza kapena kufeila. Advisory ndi maganizo a woyeza, wina alemba wina salemba pa galimoto yomweyo. Njira yachidule ndi kukonza chinthucho nkusunga lisiti, chaka chamawa sichionekanso, ndipo wogula akadzafunsa umuonetsa pepala.

Chiphadzuwa_92
Ndaona mbiri ya galimoto ija. 2021 dzimbiri, 2022 dzimbiri pafupi ndi pomangira lamba wa mpando wakumbuyo, 2023 inafeila nkukhoza mawa lake, chaka chino mbee. Mwini wake akuti sadziwa kanthu anaigula choncho.

Sipanala16
Pafupi ndi lamba ndi malo oipa, dzimbiri lofooketsa chitsulo mkati mwa 30cm kuchokera pomangira lamba, sasipenshoni kapena chiwongolero ndi kufeila. Kufeila nkukhoza mawa lake kutha kukhala kuti anawotcherera chigamba bwinobwino, kuthanso kukhala kuti anamata nkupopera phula lakuda pamwamba. Ukapita kukaiona tenga tochi ndi kamaginito, ugwade uone pansi pa zitseko zakumbuyo. Pomwe papakidwa chakuda chatsopano pomwe kwina konse kuli fumbi, ika maginito, akakana kugwira ndiye kuti pansipo si chitsulo.

Chiphadzuwa_92
Maginito a pa fuliji atha?

Sipanala16
Atha, bola asakhale amphamvu kwambiri. Ofooka ndiye abwino, amagwa msanga pomwe pamatidwa.